Mawu akuti increment: tanthauzo lake ndi momwe mungawerengere ndalama yake pa peyisilipi

Ndinakhala kalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka zingapo, ndipo masiku ano ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope pa Luchenza. Mwezi ukamatha anthu amabwera atapinda peyisilipi kanayi m'thumba la malaya: aphunzitsi, alonda, akapitawo, anamwino, ngakhale ana a Fomu 4 amene akumana ndi mawuwa m'buku. Funso limakhala lomwelo. "Achimwene, tandiuzeni, inkirimenti imeneyi kwenikweni n'chiyani? Akuti yalowa, koma ine sindikuiona." Ndajambula makwerero kuseri kwa malisiti mpaka bolopeni kutha inki, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti wobwera mawa ndizingomupatsa ichi.

1. Yambani ndi kalembedwe ndi katchulidwe

Mawuwa amalembedwa chonchi: increment. Mwa makalata amene anthu amabwera nawo atalemba pamanja kuti ndiwatayipire, ambiri amakhala atalemba "increament", chifukwa mutu ukukumbukira increase. Chotsani "a" ameneyo. Akakhala ambiri ndi increments, ndipo akakhala amodzi mumati "an increment", osati "a increment".

Potchula, mphamvu ili pachiyambi: IN-kri-ment. Ife tinawasula kale kukhala inkirimenti, ndipo pocheza pansi pa mtengo palibe vuto. Koma pa intavyu kapena pamsonkhano wa Chingerezi kankhani mawu pa "in" poyambapo.

2. Gwirani tanthauzo lake: ndi sitepe imodzi pa makwerero

Increment ndi kachiwonjezero kamodzi mwa tiziwonjezero tambiri tobwera motsatizana, kawirikawiri tofanana kukula kwake, ndipo tobwera pa nthawi yodziwika. Mawuwa anachokera ku Chilatini, incrementum, kutanthauza kukula. Muzu wake ndi womwewo wa mawu akuti crescent, mwezi ukangooneka kumene uli ngati chikwakwa, ukukulirakulira usiku uliwonse. Akuluakulu athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo increment ndi kankhuni kamodzi ka mu mtolowo, osati mtolo wonse.

Amene munathyolapo tiyi, kumbukirani sikelo yopachika imene amayezera masamba. Pakati pa kilogalamu 10 ndi 11 pali timizere tating'ono totalikirana mofanana. Muvi ukachoka pa kamzere kena kufika pa kotsatira, wayenda increment imodzi. N'chimodzimodzi timizere ta pa rula ya mwana wasukulu kapena pa kachikho koyezera mankhwala a chifuwa. Pa okushoni ya tiyi ku Limbe, ogula akamapikisana, mtengo umakwera m'masitepe otere, uyu akatchula wina n'kuwonjezera pang'ono pamwamba pake.

Choncho mawuwa si a malipiro okha. Kungoti kuno kwathu timawamva kwambiri pa nkhani ya malipiro, ndiye ena amaganiza kuti ndi dzina la ndalama inayake imene bwana amasunga mu kabati.

3. Asiyanitseni ndi abale ake

Apa m'pamene mikangano yambiri ya pa windo la malipiro imayambira.

Increase ndi kukwera kulikonse, kwakukulu kapena kwakung'ono, kwa kamodzi kapena kobwerezabwereza. Mtengo wa mafuta ukalumpha usiku umodzi, imeneyo ndi increase. Increment iliyonse ndi increase, koma si increase iliyonse imene ili increment. M'manyuzi athu mudzaona "salary increment" pa kukwera kulikonse kwa malipiro, ngakhale "fees increment" pa fizi, ndipo aliyense kuno amamva. Ine sindilimbana nazo. Koma mwana amene akulemba Chingerezi cha MSCE ndimamuuza kuti pa mitengo ya zinthu ndi fizi alembe increase. Ku Britain malipiro akakwera amangoti "pay rise", ku America amati "raise", ndipo increment amaisungira masitepe a chaka ndi chaka pa sikelo ya malipiro.

Promotion ndi kukwezedwa udindo. Mwachoka pa makwerero ena mwapita pa ena. M'boma magiredi amatchulidwa ndi zilembo, ndipo mkati mwa giredi iliyonse muli masitepe amene ambiri amati manotchi. Kukwera notchi imodzi muli pa giredi yomweyo ndiye increment yeniyeni. Kusintha chilembo cha giredi ndi promotion. Dziwaninso kuti makwerero ali ndi pothera: mukafika pa notchi yomaliza ya giredi yanu, increment ya mtundu umenewu imaima mpaka mutakwezedwa kapena sikelo yonse itasinthidwa. Ndinaonapo bambo wina wachikulire akulumbira kuti akalaliki tikumudyera ndalama zaka zitatu, pomwe iye anali atafika kale padenga.

Allowance ndi ndalama yapadera ya chinthu china, monga nyumba kapena ulendo. Bonus ndi ya kamodzi, kapena ya pa ntchito yopitirira muyezo, monga makilogalamu amene wothyola tiyi wapyola nawo pa mlingo wa tsiku nthawi ya dzinja masamba akachuluka. Mwezi wamawa ikhoza osabwera. Increment ikalowa imakhazikika, imasanduka gawo la malipiro anu a mwezi ndi mwezi.

Arrears ndi ngongole imene olemba ntchito ali nayo kwa inu, ndalama imene munayenera kulandira kale. Tibwererako pa sitepe 5, chifukwa ameneyu ndiye mfiti yaikulu.

4. Samalani timawu tating'ono totsatana nawo

"An increment of K20,000" ndiye kuti akuwonjezerani K20,000. Mawu akuti "of" akuloza kukula kwa sitepeyo.

"Your salary has been increased by K20,000" ndi chimodzimodzi, awonjezera K20,000. Koma "increased to K220,000" akutchula pamene mwafika, malipiro onse atsopano. Kusiyana kwa "by" ndi "to" ndi zilembo ziwiri zokha, koma kunandichititsa manyazi tsiku lina. Ndikadali watsopano pantchito ndinatayipa kalata ya mlonda wina n'kulemba "by" pamene panafunika "to". Mkuluyo anapita nayo kwa mwana wake wa kusekondale, mwanayo n'kumuwerengera molondola zimene zinalembedwa, kuti malipiro awonjezeredwa ndi ndalama yoposa malipiro ake onse. Anakatenga malata pangongole. Kumapeto kwa mwezi anaima pa windo langa chipewa chili m'manja, n'kungoti, "Mwana wanga, pepala ili analemba ndani?" Mpaka lero ndikatayipa kalata ya malipiro ndimawerenga timawu timeneti kawiri ndi chala.

"In increments of" amatanthauza kuti chinthu chikuyenda m'masitepe a kukula kwakuti. "You can repay in increments of K5,000" ndiye kuti mukhoza kubweza ma K5,000 ma K5,000. Pa ngongole mawu ozolowereka kwambiri ndi instalments, koma mukakumana ndi awa musadabwe.

Incremental ndi mawu ofotokozera chinthu chochitika pang'onopang'ono. "Incremental change" ndi kusintha kobwera sitepe ndi sitepe, osati kugwetsa nyumba yonse n'kumanga ina.

Musalembe "please increment my salary". Increment ngati mneni amaigwiritsa ntchito kwambiri a makompyuta, potanthauza kuwonjezera 1 pa nambala. M'chilankhulo cha pulogalamu chotchedwa C, chizindikiro cha ++ chimachita zimenezi, ndipo n'kumene kunachokera dzina la C++. Kuchotsera 1 amati decrement. Mphwanga amene akuphunzira zimenezi ku Blantyre ndi amene anandionetsa, ndipo ndinaseka kuona kuti mawu ovutitsa alonda pa esiteti akuvutitsanso ana a ku koleji. Kwa bwana wanu lembani "increase my salary" kapena "review my salary".

5. Werengerani nokha, ndipo funsani mafunso atatu

Iyi ndiyo sitepe imene anthu amaidumpha. Amadziwa tanthauzo, koma akamva kuti "increment ya 10 peresenti" amangowerengera m'mutu ali pa kabaza, n'kuyamba kulonjeza kunyumba. Khalani pansi, tengani peyisilipi yakale ndi yatsopano, bolopeni ndi foni. Manambala ndikupatseniwa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Funso loyamba: sitepeyo ndi yaikulu bwanji, ndipo ndi ndalama yokhazikika kapena peresenti?

Zimenezi n'zosiyana kwambiri. Tiyerekeze kuti onse apatsidwa K10,000. Kwa amene amalandira K100,000 imeneyo ndi 10 peresenti. Kwa amene amalandira K500,000 ndi 2 peresenti yokha. Tsono tembenuzani: onse apatsidwa 10 peresenti. Woyamba uja apeza K10,000, wachiwiri K50,000, ndipo mpata pakati pawo wakula ngakhale chikalata chikunena kuti onse alandira mofanana. N'chifukwa chake pa zokambirana za malipiro a m'munsi amakonda ndalama yokhazikika, a m'mwamba amakonda peresenti. Nthumwi yanu ya yuniyoni ikabwera ndi uthenga, ifunseni kuti agwirizana mtundu uti.

Peresenti ilinso ndi khalidwe lina. Imabereka pa mwana wake yemwe, ngati chiwongoladzanja cha banki m'khonde. Malipiro a K200,000 akakwera ndi 10 peresenti afika K220,000. Chaka chotsatira 10 peresenti ina siikhalanso K20,000, ikhala K22,000, ndipo mufika K242,000. Increment yokhazikika ya K20,000 ikanakufikitsani pa K240,000. Zaka ziwiri kusiyana kwake n'kochepa, koma pitirizani masamuwo mpaka zaka khumi muone.

Funso lachiwiri: aiika pamwamba pa chiyani?

Pa peyisilipi pali manambala atatu amene anthu amawasakaniza. Basic ndi malipiro enieni opanda zowonjezera. Gross ndi basic kuphatikiza ma allowance, ovataimu ndi zina, asanadule kanthu. Net ndi yotsala atadula zonse, imene imafika ku banki kapena pa foni. Increment nthawi zambiri imawerengedwa pa basic. Ngati basic yanu ndi K200,000 koma gross imafika K260,000 chifukwa cha ma allowance, 10 peresenti yanu ndi K20,000, osati K26,000, pokhapokha chikalata chitanena kuti ma allowance nawonso akwera.

Ndiyeno K20,000 imeneyo siifika yonse m'manja. Lamulo la penshoni kuno ku Malawi limati wantchito azisonkha zosachepera 5 peresenti, olemba ntchito 10 peresenti. Ndiye pa K20,000 yatsopanoyo, K1,000 yapita ku penshoni. Ndalama yanu yomwe, koma simuigwira lero. Kenako msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA. Mwachitsanzo, kuyambira mu Epulo 2024 K150,000 yoyamba inali yosadulidwa msonkho, ndipo gawo lotsatira mpaka K500,000 linkadulidwa 25 peresenti. Munthu wa K200,000 anali atapyola kale mzere waulere uja, choncho kwacha iliyonse yowonjezera inkalumidwa: K5,000 pa K20,000. Chotsala ndi pafupifupi K14,000. Milingo ya msonkhoyi imasintha ndi bajeti, ndiye funsani ya chaka chimene mukuwerengacho, koma njira yowerengera ndi yomweyi.

Pali bodza limene limayenda m'malayini, lakuti increment ikakulowetsani m'gulu la msonkho wokwera mudzalandira zochepa kuposa kale. Ayi. Msonkho wokwerawo umadula gawo lokhalo limene lapyola mzere, osati malipiro onse. Ngati net yanu yatsikadi, yang'anani mizere ina: mwina ngongole ya SACCO yayamba kudulidwa, mwina adivansi imene munatenga pa maliro, mwina ovataimu ya mwezi watha sinabwerenso chifukwa chilimwe chafika ndipo masamba achepa. Mayi wina mphunzitsi anabwera kuno ali wokwiya zedi, tinaika mapepala awiri pambali n'kutsata mzere ndi mzere ndi rula. Increment inalimo bwinobwino. Imene inaidya inali ngongole imene anasainira miyezi iwiri m'mbuyomo n'kuiiwala. Anangoti, "Ii, achimwene, musauze munthu," ndipo sindikutchula dzina.

Funso lachitatu: ikuyamba liti?

Fufuzani mawu akuti "with effect from" kapena "effective", nthawi zina amafupikitsa kuti w.e.f. Deti lotsatira mawu amenewa ndilo tsiku limene increment yanu inabadwa, ngakhale ndalama itachedwa kufika. Chaka cha ndalama cha boma masiku ano chimayamba pa 1 Epulo, kale chinkayamba pa 1 Julaye, ndipo makampani ali ndi miyezi yawoyawo. Ena amatsata tsiku limene munayamba ntchito.

Tiyerekeze kuti K20,000 yanu ikuyamba pa 1 Epulo koma yalowa pa peyisilipi ya Julaye. Epulo, Meyi ndi Juni munalandira malipiro akale, ndiye akusungirani K20,000 katatu, K60,000. Amenewo ndiwo ma arrears. Peyisilipi ya Julaye idzaonetsa basic yatsopano ya K220,000 komanso mzere wina wa K60,000, zonse asanadule msonkho. Mwezi umenewo kunyumba kumanunkhira nyama. Ogasiti akafika, K60,000 ija kulibe, ndipo pa windo pamadzaza anthu akuti atichotsera increment. Sanachotse. Ma arrears ndi mlendo wa tsiku limodzi. Poyeza ngati increment yalowa, fananizani basic ya Juni ndi basic ya Ogasiti, mwezi wa ma arrears muusiye pambali. Ndipo musakatenge katapila modalira net ya mwezi umenewo, chonde.

Werengeraninso miyezi ya ma arrears ndi zala. Akalaliki nafenso timalakwitsa, makamaka deti likagwera pakati pa mwezi, kapena kwa amene amalandira pa fotinaiti.

6. Iyezeni ndi thumba la chimanga

Nambala ikhoza kukwera inu n'kutsika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo chaka cha 2022 mu Meyi inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Amene analandira increment ya 10 peresenti nthawi imeneyo anaona okha kuti sopo, shuga ndi feteleza zinawathawa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma atakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, kumeneko kunali kulumpha kothamangitsa mitengo, osati increment ya masitepe.

Muyezo wanga ndi wachikale. Gawani net yanu ndi mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa msika wa Luchenza kapena Bvumbwe, mwezi womwewo chaka chatha ndi chaka chino. Ngati chaka chatha inkagula matumba asanu ndipo lero ikugula anayi, dziwani kuti mwakwera sitepe imodzi pa makwerero amene akutitimira m'matope. Fananizani mwezi ndi mwezi womwewo, chifukwa mtengo wa Febuluwale ndi wa nthawi yokolola sizilingana.

7. Mukafuna kulemba kalata, dziwani chimene mukupempha

Lamulo la ntchito limaika malipiro otsikitsitsa ndipo limati muzilandira pepala losonyeza malipiro anu ndi zimene zadulidwa. Koma za increment ya chaka ndi chaka zimachokera m'kalata yanu yolembedwera ntchito, m'malamulo a pakampani amene amati conditions of service, kapena mu mgwirizano wa yuniyoni ndi olemba ntchito. M'minda ya tiyi, bungwe la Tea Association of Malawi ndi yuniyoni ya ogwira ntchito m'minda ya PAWUM anasainirana mgwirizano woyamba wa mtundu umenewu mu 2016. Choncho musanalembe, pezani pepala limene likulonjeza increment, ndipo onani ngati imabwera yokha kapena imadalira kuti akuyezeni kagwiridwe ka ntchito.

Ngati inalonjezedwa koma sinabwere, mukukumbutsa ngongole. Lembani mwachidule: "I write to enquire about my annual increment, which was due on 1 April but does not appear on my payslip." Tchulani nambala yanu ya ntchito, giredi, ndi basic imene mukulandira. Onjezerani kuti mukupemphanso ma arrears kuyambira deti limenelo, chifukwa mukapanda kutero ena amangokonza kutsogolo n'kuiwala m'mbuyo.

Ngati palibe pamene inalonjezedwa, ndiye kuti mukupempha, ndipo mawu oyenera ndi "salary review" kapena "salary increase". Mukalemba "my increment" pa chinthu chimene sichili pa pepala lililonse, yankho lidzakhala lalifupi: palibe increment imene muli nayo. Mwatseka nokha chitseko ndi mawu amodzi. M'kalata yotere fotokozani zaka zimene mwagwira, ntchito zimene zawonjezeka, ndi satifiketi ngati mwapeza yatsopano. Za fizi ya ana ndi matenda a kunyumba n'zoona ndithu, koma zisatenge tsamba lonse.

Pangani fotokope ya kalatayo, ndipo wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope yanu. Pakatha mwezi osayankhidwa, kaonaneni ndi nthumwi ya yuniyoni. Zikakanika pamenepo, ofesi ya zantchito ili pa boma ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe, ndipo milandu imene yalephereka kumeneko imapita ku khoti la Industrial Relations Court ku Blantyre. Kulikonse kumene mungapite adzakufunsani mapeyisilipi, a mwezi umene increment isanayenere kulowa ndi onse otsatira. Ena amasindikizidwa pa pepala lopyapyala limene limafufuma likakhala padzuwa kapena m'thumba la thukuta, ndiye ajambuleni ndi foni tsiku lomwe mwalandira, manambala a basic ndi deti zikuoneka bwino, kenako enieniwo muwaike mu pulasitiki pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana.